Mukulera nokha ana ku Britain ndipo a DWP akuitanani ku compliance: chitani izi

Funso ili landipeza kambirimbiri, pa foni usiku, pa WhatsApp, ngakhale pakhomo la tchalitchi tikangoweruka. Mayi kapena bambo amene akulera yekha ana kuno ku Britain walandira kalata yochokera ku DWP, nthambi ya boma yoona za ntchito ndi ndalama zothandizira anthu, ndipo mtima uli m'mwamba. Mafunso ake amakhala omwewomwewo: kodi andimanga, kodi ndalama aziimitsa, kodi andilanda ana? Ndaona kuti ndi bwino ndilembe zonse pamodzi, kuti mukamapita kwa mlangizi mupite mutakonzeka kale.

Ndiyambe ndi la ana, poti ndi limene limasowetsa anthu tulo. Ofufuza a DWP ntchito yawo ndi ya ndalama. Za kasamalidwe ka ana ndi za a social services a ku khonsolo, ofesi ina kotheratu. Kalata ya compliance si chiyambi cha kulandidwa ana.

Malangizowa ndi a inu amene mumalandira Universal Credit ku England, Wales kapena Scotland, ndipo mapepala anu amakulolani kutero: nzika, amene ali ndi Indefinite Leave to Remain, othawa kwawo amene anavomerezedwa, ndi ena amene anachotseredwa chiletso cha No Recourse to Public Funds, chija choletsa munthu kulandira ndalama zothandizira za boma. Ku Northern Ireland nkhanizi amayendetsa ndi a Department for Communities. Ine si loya, choncho pamene pafunika loya ndikuuzani.

1. Werengani kalatayo mpaka kumapeto, mudziwe mtundu wake

Ambiri amangoona chizindikiro cha DWP ndi mawu akuti compliance, basi manja ayamba kunjenjemera, kalata aipinda. Iwerengeni yonse, chifukwa pali mitundu itatu ndipo kukonzekera kwake n'kosiyana.

Woyamba ndi Universal Credit review. Uthenga wake umabwera mu journal, tsamba lija la mu akaunti yanu ya pa intaneti pamene mumalemberana ndi a Jobcentre. Amafuna chitupa chanu ndi masitetimenti a kubanki, kawirikawiri a miyezi 4, kenako amakuimbirani foni. Kuyambira 2022 anthu ochuluka zedi akhala akuunikidwa motere, ngakhale amene sanalakwitse kalikonse.

Wachiwiri ndi compliance interview. Apa ndiye kuti pali china chimene sichikugwirizana ndi zimene munawauza. Mwina makompyuta a HMRC (nthambi ya boma yotolera msonkho), a khonsolo kapena a makampani osunga mbiri ya ngongole aonetsa dzina la munthu wina pa adiresi yanu, mwina wina wakunenezani pa foni osatchula dzina. Amakufunsani pa foni kapena ku Jobcentre. Pamenepa sunakhale mlandu. Cholinga chawo ndi kukonza zimene zili m'kaundula ndi kuona ngati munalandira ndalama zopyola muyeso.

Wachitatu ndi interview under caution. Uwu ndi wina. Akukuganizirani mlandu wa chinyengo, amajambula mawu anu, ndipo zimene munganene zikhoza kukawerengedwa kukhoti. Ngati kalata yanu ili ndi mawu amenewa, pitani msanga pa gawo 9 musanachite china chilichonse.

2. Tsimikizani kuti ndi yoona, ndipo yankhani

Akuba amadziwa kuti dzina la DWP limaopsa. Musadine linki ya mu uthenga wa pa foni, musapatse munthu nambala yachinsinsi ya kubanki. Lowani nokha mu journal, kapena imbani nambala ya Universal Credit, 0800 328 5644, mufunse ngati kalatayo ndi yawo.

Ikakhala yoona, musaikhalire. Kukhala chete ndiko kumaimitsa ndalama mwachangu kuposa china chilichonse, ndipo mukapitiriza osayankha akhoza kutsekeratu. Ngati tsiku limene akupatsani lagundana ndi shifiti, ndi chipatala, kapena mulibe wosiyira mwana, pemphani lina kudzera mu journal kuti pakhale cholembedwa. Pa nthawi yomweyo pemphani zinthu zitatu: akuuzeni mutu wa zimene akufuna kufunsa, akupezereni womasulira ngati mukumufuna, ndipo akuloleni kukhala ndi munthu wokuperekezani. Za womasulira musachite nazo manyazi. Chingerezi cha kuntchito ndi Chingerezi cha munthu amene ali ndi mantha n'zosiyana. Koma mwana wanu asakhale womasulira. Nkhani za bambo ake ndi za ndalama si zoti azisenze iye.

Kenako imbirani a Citizens Advice, Law Centre ya m'dera lanu, a Gingerbread amene amathandiza makolo olera okha ana ku England ndi Wales, kapena One Parent Families Scotland. Chithandizo chawo ndi chaulere, koma mizere yawo ndi yaitali, choncho yambani tsiku lomwelo.

3. Musasunthe kanthu

Apa ndi pamene anthu osalakwa amadzipalira okha mlandu. Usiku umenewo wina amasamutsira ndalama ku akaunti ya mchemwali wake, wina amafufuta zithunzi pa Facebook, wina amatseka Universal Credit poganiza kuti nkhani ithera pomwepo. Siitha. Miyezi imene munalandira kale akhoza kuiunikabe, ndipo ndalama zosamutsidwa zimaoneka pa sitetimenti, ndi tsiku lake lomwe. Lamulo limati munthu akachotsa dala chuma chake kuti alandire chithandizo, amamuwerengera ngati akadali nacho. Musauze ana zokanena, musapemphe mnzanu kulemba kalata yabodza, ndipo musasinthe nambala ngakhale imodzi pa sitetimenti.

4. Lembani mbiri yanu musanafunsidwe

Tengani kope. Lembani tsiku limene munayamba kulandira Universal Credit, ndipo kuchokera pamenepo lembani chilichonse chimene chinasintha: kusamuka nyumba, kukwera kwa lendi, ntchito, kubadwa kwa mwana, kupatukana ndi amuna anu kapena akazi anu, m'bale amene anadzakhala nanu, maulendo a kumudzi. Pambali pa chilichonse lembani ngati munawauza a DWP, ndi tsiku lake. Journal imasunga mauthenga akale, fufuzanimo ndipo jambulani amene akukhudza nkhaniyi.

Onaninso mbiri yanu ya ngongole ku Experian, Equifax kapena TransUnion. Muli ndi ufulu woiona kwaulere. Mungadabwe kupeza kuti munthu amene munasiyana naye zaka zapitazo akadali wolumikizidwa ndi dzina lanu chifukwa cha akaunti imene munatsekulira limodzi. Ndi bwino muzidziwe inu poyamba, osati kukazimvera kwa wofufuza.

M'bale wokhala nanu musamuiwale. Mphwanu kapena msuweni wamkulu akamakhala m'nyumba mwanu, ayenera kulembedwa, chifukwa nthawi zambiri amadulako pa ndalama ya lendi ngati munthuyo ali ndi zaka 21 kapena kuposerapo. Zimakhudzanso kuchotsera kuja kwa 25 peresenti pa council tax kumene amapatsa munthu wamkulu wokhala yekha.

5. Masitetimenti: mzere ndi mzere

Tumizani masitetimenti a akaunti zonse, ngakhale imene muli £3, ngakhale ya Monzo kapena Revolut imene mumangogulira zinthu pa intaneti, ngakhale ya kumudzi. Akaona ndalama zikupita ku akaunti ya dzina lanu imene simunaitchule, mafunso amachuluka. Masamba akhale athunthu, ooneka dzina, adiresi ndi masiku.

Malire ake ndi awa. Chuma chosapitirira £6,000 sichikhudza zimene mumalandira. Pakati pa £6,000 ndi £16,000 amadula £4.35 pa mwezi pa £250 iliyonse yapamwamba. Chikapitirira £16,000, Universal Credit simuyenera kulandira. Ndalama zimene zilidi za mwana, za mu akaunti ya dzina lake, siziwerengedwa ngati zanu.

Tsopano tengani cholembera, mudutse ndalama iliyonse yolowa imene si malipiro kapena ya boma, mulembe pambali kumene inachokera. Ife tili ndi kayendetsedwe ka ndalama kamene wofufuza wa ku Leeds kapena ku Glasgow sangakamvetse popanda kumufotokozera.

Chipereganyo ndicho choyamba. Mwezi wanu ukafika, anthu 10 amatumiza £200 aliyense, ndipo akaunti imaoneka ngati ya munthu wa bizinesi. Fotokozani kuti ndi gulu losonkherana, onetsani mndandanda wa mamembala, miyezi yolandirira, ndi miyezi ina yonse imene inu munkatumiza kwa anzanu. Dziwani kuti ndalamayo ikalowa kwa inu pa mwezi wanu ndi yanu, ndipo imaphatikizidwa pa chuma chija. Ngati ndinu msungichuma wa gulu, wa kwaya kapena wa chipepeso cha maliro, ndalama za anthu zimene zinadutsira kwa inu si zanu, koma udindo wosonyeza zimenezo ndi wanu: mauthenga a pa gulu, mndandanda wa osonkha, risiti ya kumene zinapita. Langizo langa kwa aliyense wolandira Universal Credit ndi lakuti ausiye udindo wosunga ndalama za gulu mu akaunti yake. Ndi ntchito yabwino, koma aigwire amene sadzafunsidwa.

Kutumiza ndalama kumudzi pa Mukuru, WorldRemit kapena Western Union si mlandu. Kuthandiza amayi anu kapena kulipira fizi ya mphwanu n'kololedwa. Funso limabwera ngati ndalamazo zikukamanga nyumba kapena kugula puloti m'dzina lanu. Malo ndi nyumba zimene simukhalamo zimawerengedwa ngati chuma ngakhale zili kunja kwa Britain. Puloti ya ku Area 49 kapena nyumba ya lendi ku Chilomoni, ngati ili m'dzina lanu, iyenera kutchulidwa. Amaona mtengo umene ingagulitsidwe, kuchotsapo 10 peresenti ya zolipira pogulitsa ndi ngongole imene yamangidwa pa malowo. Munda wa makolo umene ndi wa banja lonse, woti inu nokha simungaugulitse, ndi nkhani ina, ndipo muifotokoze momwe ilili kwa mlangizi musanayankhe.

Pomaliza, kageni. Kuluka tsitsi, kuphikira anthu pa ukwati, kugulitsa zitenje kapena ufa ndi usipa, zonsezi ndi ntchito, ndipo phindu lake liyenera kunenedwa mwezi ndi mwezi ngakhale likhale lochepa. Malipiro a pa payslip a DWP amawaona okha kudzera ku HMRC, koma za m'manja amadikira inu.

6. Funso la bambo a ana

Pano ndichedwapo, chifukwa makalata ambiri opita kwa kholo lolera lokha ana amachokera pa funso limeneli, ndipo malangizo ambiri amangolidumpha ndi mawu akuti nenani zoona. Zoona n'zofunika, koma muyenera kudziwa chimene akuyeza. Ndizitchula bambo a ana, koma abambo olera okha ana zonsezi zikukukhudzani chimodzimodzi.

Lamulo limati anthu awiri okhala pa khomo limodzi ngati banja apemphe Universal Credit pamodzi, ndipo malipiro ndi chuma cha onse awiri ziwerengedwe. Kaya munakwatitsa ku tchalitchi, kaya kwa DC, kaya ndi chinkhoswe chokha, kaya simunachite mwambo uliwonse, funso loyamba ndi lomwelo: kodi mumakhala pa khomo limodzi? Ngati simunakwatirane pamabwera lachiwiri: kodi mumakhala monga mwamuna ndi mkazi wake?

Pali bodza limene lafala kwambiri pakati pathu, lakuti mwamuna akagona masiku osapitirira atatu pa sabata ndiye kuti palibe vuto. Lamulo lotero kulibe. Palibe chiwerengero cha masiku chimene chimakupulumutsani kapena kukugwetsani. Chimene amachita ndi kuona moyo wonse: kumene munthuyo amakhala kwenikweni, kumene kuli zovala ndi katundu wake, ngati mumagula ndi kudya chakudya pamodzi, amene amalipira mabilu, kukhazikika kwa ubwenzi wanu, ngati muli ndi ana ndipo mumawalera limodzi, za kuchipinda, ndi mmene anthu akunja amakuonerani. Mfundo zimenezi zinakhazikika m'makhoti kuyambira m'zaka za m'ma 1980, ndipo palibe imodzi imene payokha imagamula nkhani.

Choncho kukhala ndi chibwenzi n'kololedwa. Bambo kubwera kudzaona ana ake, kuwatenga kusukulu, kudya nawo nsima Lamlungu, n'kololedwa. Ndalama imene amapereka yolerera ana siichepetsa Universal Credit yanu ngakhale pang'ono, kaya imadzera ku Child Maintenance Service kaya mumangopatsana. Ndaona amayi akubisa ndalama imeneyi poopa kudulidwa, mapeto ake n'kuoneka ngati akubisa mwamuna. Itchuleni poyera, ndipo muwapemphe bambowo kuti potumiza azilemba kuti ndi child maintenance, pa tsiku lodziwika mwezi uliwonse. Ndalama imene amapatsa inuyo monga mkazi wake wakale, osati ya ana, imeneyo ndiyo imawerengedwa.

Umboni wamphamvu kuposa wonse ndi wosonyeza kumene iye amakhala. Pezani pepala la lendi la dzina lake, bilu ya council tax, ya magetsi kapena ya gasi, adiresi ya pa laisensi yoyendetsera galimoto, pa payslip, ku banki, kwa GP. Ngati alibe nyumba yakeyake, amangogona kwa anzake kapena m'chipinda chimene amalipira pamanja, nkhani imalimba, koma siinatayike. Pemphani amene amamusunga alembe kalata yonena kuyambira liti, asaine, aike adiresi ndi foni. Onjezani zanu: pepala la lendi la dzina lanu lokha, mabilu amene mumalipira nokha, kalata ya kusukulu yosonyeza amene amakhala ndi ana, mauthenga amene mumapangana masiku odzatenga ana.

Msampha umene wagwira ambiri ndi chifundo. Munasiyana, koma munamulola kuti makalata ake a kubanki kapena a Home Office azifikirabe kwa inu. Inshuwalansi ya galimoto yake ili pa adiresi yanu poti kumeneko ndi yotchipa. Dzina lake likadali pa bilu ya intaneti. Anatenga foni ya ngongole polemba nyumba yanu. Kwa kompyuta, munthu ameneyo amakhala kwanu. Ngati zili choncho, musakane kuti makalatawo safika; nenani chifukwa chake, kuyambira liti, ndipo muuzeni asinthe adiresi tsopano. Kusintha adiresi yolakwika kuti igwirizane ndi zoona si kubisa umboni, bola mukanene poyera kuti mwasintha liti.

Makompyutawa amalakwitsanso. Pakati pa 2014 ndi 2016 kampani ya Concentrix, imene HMRC inailemba ntchito younika tax credits (chithandizo china cha boma cha nthawi imeneyo), inaimitsira ndalama makolo ambiri powaganizira kuti akubisa mwamuna kapena mkazi, ena chifukwa cha dzina la munthu amene ankakhala m'nyumbamo iwo asanalowe. Mgwirizanowo unathetsedwa mu 2016 anthu atadandaula kwambiri. Choncho dzina lachilendo likatchulidwa, funsani kumene alitenga, ndipo pemphani mwini nyumba kapena khonsolo akulembereni kalata yonena amene analipo kale.

Palinso nkhani ya ulemu wa kwathu. Banja linatha, koma ankhoswe sanakhalepo pansi, makolo kumudzi sanauzidwe, ndipo ku tchalitchi kapena pa ukwati wa m'bale mumakhala pa tebulo limodzi kuti anthu asalankhule. Zithunzi zili pa Facebook. Wofufuza akhoza kuziona. Musachite manyazi kumufotokozera kuti kwathu kutha kwa banja kumadutsa mwa ankhoswe ndipo kumatenga nthawi, kuti pamaso pa anthu mumasunga ulemu koma aliyense ali ndi khomo lake. Ngati abusa kapena ankhoswe akudziwa za kupatukanako, kalata yawo ithandiza. Simukufunika chikalata cha chisudzulo kuti muwerengedwe ngati muli nokha.

Ena anapatukana koma akadali m'nyumba imodzi chifukwa lendi ya ku Britain siilola munthu kungonyamuka. Lamulo limavomereza kuti pansi pa denga limodzi pakhoza kukhala makomo awiri, koma muyenera kusonyeza: zipinda zosiyana, kugula ndi kuphika kosiyana, kuchapa kosiyana, ndalama zosiyana, ndi zimene mukuchita kuti wina atuluke. Nkhani yotere musapite nayo nokha, pezani mlangizi.

Mbali inayo nayonso ndiinene mosabisa. Ngati amuna anu amagwira ntchito ya live-in care kapena yoyendetsa thiraki, amachoka masabata angapo koma akapuma amabwerera kwanu, ndiye kuti kwawo ndi kwanu. Kuchoka kwa kanthawi kosapitirira miyezi 6 sikuthetsa banja pamaso pa lamuloli. Ndipo ngati mukawerenga zonsezi mtima ukukuuzani kuti munthuyo amakhaladi nanu, musapite kukakana. Kumbukirani tsiku lenileni limene anabwera kudzakhala, kambiranani ndi mlangizi, ndipo kanenani. Tsikulo ndi lofunika kwambiri, chifukwa ngongole ya ndalama zimene munalandira mopyola amaiwerengera kuyambira pamenepo. Mukangoyankha mwachisawawa kuti mwina ndi chaka chatha pamene ndi miyezi 4 yapitayo, mwadziwonjezera nokha mapaundi ambirimbiri. Kupempha ngati banja sikutanthauza kuti simulandiranso kanthu; mabanja ambiri ogwira ntchito amalandirabe.

Ngati mnzanuyo ali pa viza ya No Recourse to Public Funds, kapena mapepala ake sali bwino, ndikudziwa chifukwa chake munaopa kumutchula. Lamulo limati inu mumalandira ngati munthu mmodzi, koma iye atchulidwe, ndipo malipiro ndi chuma chake zimawerengedwa. Musanayankhe, onanani ndi loya kapena mlangizi wa za imigireshoni wovomerezeka ndi Immigration Advice Authority, imene kale inkatchedwa OISC. Osati munthu wa pa gulu la WhatsApp amene amati amadziwa njira.

Ndipo ngati munthuyo amabwera mokakamiza, amakuopsezani, amakulandani ndalama, kapena ndi iye amene anakuumirizani kulemba kuti muli nokha, nenani zimenezo kwa mlangizi ndi kwa wofufuza. Zimasintha kaonedwe ka nkhani yonse. Nambala ya National Domestic Abuse Helpline ndi 0808 2000 247, yaulere usana ndi usiku.

7. Maulendo a kumudzi

Universal Credit imapitirira ngati mwatuluka m'dziko kwa nthawi yosapitirira mwezi umodzi, ndipo muyenera kuwauza musananyamuke. Pa maliro a m'bale wapafupi akhoza kuwonjezera mwezi wina. Child Benefit, imene ndi ya HMRC, malire ake ndi masabata 8, kapena 12 pa maliro ndi matenda. Tikudziwa mmene zimakhalira: wapita kukaika mayi, pali kusesa, pali za katundu, tikiti yasinthidwa. Sonkhanitsani matikiti, zidindo za mu pasipoti ndi chikalata cha imfa. Sitetimenti yanu ikuonetsa kale kuti khadi linagwira ntchito ku Lilongwe kapena ku Addis Ababa, choncho masiku anu agwirizane nayo.

8. Tsiku lofunsidwa

Khalani ndi kope lanu ndi mapepala onse pafupi. Ngati ndi pa foni, khalani pamalo a phee, ana ali kwina. Lembani dzina la wofunsayo ndi nthawi.

Yankhani funso limene lafunsidwa, mwachidule, ndipo mukamaliza khalani chete. Mantha amachititsa munthu kulongolola, ndipo ulemu wathu umatichititsa kuvomera zinthu kuti tisaoneke amwano. Akanena chinthu chimene si choona, nenani modekha kuti ayi, si choncho, ndipo fotokozani. Ngati simunamve funso, apempheni abwereze. Ngati simukukumbukira tsiku kapena chiwerengero, nenani kuti mukaona m'mapepala ndipo mudzatumiza, musaganizire. Amene anakunenezani sangakuuzeni, ndipo musataye nthawi kumusaka m'gulu la anzanu.

Pomaliza amalemba zimene mwanena. Pemphani akuwerengereni zonse, konzani polakwika, ndipo musasaine kapena kuvomereza chimene simunanene. Pemphani kope lake. Tsiku lomwelo lembani mu journal mwachidule zimene mwakambirana ndi mapepala amene mwalonjeza, kenako atumizeni tsiku loikika lisanakwane. Ngati pakati pa kukambirana wofunsayo wayamba kukuchenjezani kuti simukukakamizidwa kulankhula koma zimene munene zikhoza kukhala umboni, imani pomwepo, nenani kuti mukufuna loya.

9. Ikakhala interview under caution

Musapite opanda kuonana ndi loya wodziwa milandu ya benefit fraud, ndipo mufunseni ngati mungathandizidwe ndi legal aid, chithandizo cha boma cholipirira loya. Ku England ndi Wales kufunsa kumeneku kumatsata lamulo la Police and Criminal Evidence Act la 1984, lomwe apolisi amatsata. Simunamangidwe, muli ndi ufulu wopempha tsiku lina kuti mupeze loya, ndipo loyayo akhoza kufunsa pasadakhale zimene akukuganizirani.

Si nkhani zonse zimene zimafika kukhoti. Nthawi zina amapereka administrative penalty m'malo mwa mlandu: chindapusa cha theka la ndalama zimene munalandira mopyola, chosachepera £350 ndipo chosapitirira £5,000, kuwonjezera pa kubweza ngongoleyo. Mukavomera muli ndi masiku 14 osinthira maganizo. Musavomere chifukwa chongofuna kuti zithe. Ngati mukuyembekezera kupempha unzika kapena kuwonjezera viza, uzani loya zimenezo poyamba, chifukwa mlandu wa chinyengo umakhudza mbiri imene a Home Office amaiona.

10. Chigamulo chikabwera

Chikhoza kukhala chakuti zonse zili bwino, chakuti ndalama zisintha, kapena chakuti munalandira zopyola ndipo mubweze. Pa Universal Credit mumabweza ngakhale kulakwitsa kutakhala kwa a DWP eni, chinthu chimene ine ndimachiona kuti n'chosalungama, koma ndi mmene lamulo lilili. Akaona kuti munanyalanyaza kunena kusintha, akhoza kuwonjezera chindapusa cha £50.

Ngati simukugwirizana nacho, pemphani mandatory reconsideration, kutanthauza kuti wina aunikenso chigamulocho. Muli ndi mwezi umodzi kuchokera pa tsiku la chigamulo. Mukachedwa pa chifukwa chomveka akhoza kulandirabe mpaka miyezi 13. Lembani mu journal kapena pa kalata, tchulani chigamulo ndi tsiku lake, nenani polakwika, ikani umboni. Pemphaninso akuonetseni mmene awerengera ngongoleyo mwezi ndi mwezi, chifukwa masiku oyambira ndi othera amalakwika. Muli ndi ufulu wopempha kwaulere zonse zimene DWP ikusunga zokhudza inu, kudzera mu subject access request.

Akakana, chitani apilo ku First-tier Tribunal pa fomu ya SSCS1 kapena pa intaneti, pasanathe mwezi umodzi. Ndi yaulere, ndipo woweruza wake si wa DWP. Sankhani kukaonekera nokha kapena kulankhula pa vidiyo, osati kuti angowerenga mapepala. Pa nkhani ya bambo a ana, woweruza amafuna kumva kuchokera pakamwa panu mmene sabata yanu imayendera, amene amadzutsa ana, amene amagula chakudya, kumene munthuyo amagona, ndipo mukhoza kubwera ndi mboni.

Pamene mukudikira, ngati kudulidwako kukusiyani opanda chakudya kapena lendi, imbirani a DWP Debt Management mupemphe kuti achepetse zimene akudula pa mwezi, mutakonza mndandanda wa zolowa ndi zotuluka. Kuyambira mu April 2025, pa ngongole zambiri sayenera kudula zopitirira 15 peresenti ya standard allowance, gawo lija la Universal Credit limene ndi la inu mwini. Uzani mwini nyumba msanga ngati lendi ichedwa, funsani ku khonsolo za chithandizo chadzidzidzi, ndipo a Citizens Advice, a kusukulu ya ana kapena a GP akhoza kukulemberani voucher ya ku food bank.